Makala a ku Podmel

Funso lake linali losavuta moti ngakhale mwana wa sukulu akanalimva: ayezi wa pamwamba pa phiri akasungunuka, madzi ake amapita kuti? Mapiri ena amayankha okha, poti madzi amatsata kutsetsereka ndipo munthu amawaona ndi maso. Koma phiri la ku Podmel ndi la mwala wa njereza, m'kati mwake ndi mauna okhaokha. Madzi amayenda pamtunda kamtunda kochepa, n'kulowa m'dzenje osatsanzika. Za kumene amakatulukira, Tinkara ndi mwamuna wake Lenart anayamba kukangana tsiku lomwe anakumana ku yunivesite ku Ljubljana, ndipo sanasiye.

Lenart ankati madziwo amatulukira pa kasupe wa kwawo ku Podmel, kuseri kwa tchalitchi. Agogo ake ankatero, mudzi wonse unkatero, iye n'kungowonjezerapo masamu. Tinkara, ataona mmene miyala inapendekera, ankati madziwo amadutsa pansi pa malire n'kukatulukira ku Italy. Anakangana m'kalasi. Anakangana m'hema pafupi ndi ayeziyo, zala zitauma ndi chisanu. Pa ukwati wawo anakangana mpaka supu inazizira.

"Iwe ndiwe wa kuchidikha," ankatero Lenart. "Madzi umawadziwira pa mpopi."

"Nanga iwe? Umawadziwira kwa agogo ako."

Anagwirizana zodzathira utoto wobiriwira m'dzenjelo kuti phiri liweruze lokha. Chilolezo chinachedwa monga zilolezo zichitira. Ali m'kati modikira, chilimwe china Lenart anatsikira m'dzenjemo pa chingwe kukayeza ayezi wa m'kati, ndipo ayeziyo anagumuka. Akatswiri olowa m'mapanga anayesetsa mpaka chipale chofewa cha nyengo yozizira chinayambanso kugwa. Anatuluka ndi chingwe chokha.

Manda panalibe. Ndiye mayi ake a Lenart, a Justa, amene anakalambira m'fakitale ya misomali ndipo sankakhulupirira chinthu chosagwirika m'manja, anachita masamu awoawo. Ngati mwana ali m'njira ya madzi, ndipo madziwo amatulukira pa kasupe, kasupeyo ndiye manda. Anaikapo makandulo a m'timabotolo tofiira, aja anthu amayatsa kumanda. Ankazula udzu, ankathamangitsa alendo obwera kudzasambitsa agalu awo. Tsiku la Oyera Onse anzawo akamalowera kumanda, iwo ankazungulira tchalitchi. Tinkara ankawaperekeza, n'kumaima pambali pawo. Zimene ankadziwa za kupendekeka kwa miyala ankazisunga m'kamwa.

Chilolezo chinafika mwini wake atapita kalekale, dzina lake lidakali pamwamba. Tinkara akanatha kuchiika m'kabati. Koma ayezi amene kale ankadzaza chigwa chonse cha pamwamba tsopano anali ngati nsanza yakuda yoiwalika pabwalo, ndipo chaka chamawa mwina sipakanakhalanso madzi okwanira kunyamula utoto. Midzi ya mbali zonse ziwiri inkafunika kudziwa kuti ndi kasupe uti adzayambe kuuma. Izi zinali zoona, ndipo ankaziuza aliyense womufunsa. Chifukwa chinacho sankachitchula: funso losayankhidwa linkamuyabwa ngati chilonda chimene chikupola.

Asanakwere phiri anazungulira akasupe onse, kumangirira m'madzi timatumba ta makala. Utoto ukayenda ulendo wautali umasuluka mpaka maso osauona, koma makala amaugwira ndithu. Pa kasupe wa ku Podmel anapeza a Justa ali pa benchi, fodya ali pakamwa.

"Kodi a dokotala, makalawo mukufuna kumuwotchera nyama mwana wanga?"

"Ndi ogwirira utoto, amayi. Akagwira, tidziwa."

"Tidziwa? Ine ndinadziwa kalekale. Iwe ndi amene ukufuna kuphunzitsidwa ndi makala. Sukulu yonse ija, dokotala wosachiza ngakhale chimfine." Anaphulusa fodya. "Ndiye madziwa asanduka obiriwira?"

"Mwina. Mwinanso osaoneka ndi maso."

"Ndiwaona ine. Maso angawa ankaona msomali wopindika pakati pa anzake chikwi."

M'mawa mwake Tinkara anathira utotowo pamwamba. Ufa wake unali wofiirira, koma utakhudza madzi unayaka kubiriwira, n'kuzungulira kawiri pakamwa pa dzenje, n'kumira. Anakhala pamenepo mpaka madzi anayeranso. Anaganiza kuti kwa kanthawi Lenart akhala wobiriwira, ndipo akanakhalapo akanaseka kwambiri.

Kuyambira tsikulo a Justa anasamukira pa benchi. Ankabwera ndi fulasiki ya khofi, buledi ndi tchizi, n'kumayang'ana madzi ngati munthu wodikira basi. Anzawo a kutchalitchi ankabwera kudzawathandiza kuyang'ana. Madzi ankatuluka oyera mbee, monga anatulukira chiyambire.

Foni inalira Tinkara ali mu labotale. Anali Fulvio, mnzake wa ntchito wa ku Italy, amene ankalondera akasupe a mbali inayo.

"Mlongo wanga, bwera udzaone zimene wachita! Mtsinje wonse wa m'mudzi mwathu wabiriwira ngati buluzi. Azimayi akuchita chizindikiro cha mtanda, a meya andiimbira katatu, mkulu wina akuti ndamuphera nsomba. Wapambana! Zaka zonse zija unkanena iwe, ife n'kumati mtsikanayu ndi wamakani chabe. Ndikanakonda kuona nkhope ya..."

Fulvio analekezera pomwepo. Tinkara anamva mtsinje ukusokosa m'foni.

"Tinkara. Pepa. Pakamwa panga m'pa galu."

"Tunga madzi, Fulvio. Usaiwale kulemba nthawi."

Anapitabe kukamasula katumba ka ku Podmel. Anasukuluza makalawo, n'kuyeza, n'kuyezanso. Munalibe kanthu, ngakhale kadontho koti munthu angakanganirepo. Anali atapambana mkangano wa moyo wake wonse, ndipo munthu woti amutonze nawo panalibe.

M'galimoto pobwerera ku Podmel anapeza yankho, ndipo linali laukhondo ngati masamu abwino. Adzawauza a Justa kuti utoto unafika, koma wosuluka, wogwidwa ndi makala okha. Anali atawachenjeza kale kuti zikhoza kutero. A Justa sawerenga magazini a asayansi, ndipo wailesi ya ku Italy amaitseka ikangoyamba kulankhula. Lipoti lidzanena zoona kwa olifuna, benchi idzakhala ndi zoona zake. Palibe wotaya kanthu. Anayeserera mawuwo mokweza pa msewu wokhotakhota uja, ndipo atafika poti "Lenart ankanena zoona, amayi," anadabwa kuti akukoma. Akanapereka madigiri ake onse kuti akhale iye wolakwa.

Anawapeza a Justa ali okha pa kasupe, dzuwa litapendeka. Makandulo ofiira anali atandandalika pa mwala, ena oyaka, ena ozima.

"Wabwera ndi nkhope ya kuchipatala," anatero a Justa. "Khala pansi. Khofi wazizira koma sapha."

Tinkara anakhala. Anamwa khofiyo kuti pakamwa pakhale ndi chochita.

"Maso anga agonja," anapitiriza a Justa. "Ndayang'ana mpaka ndikatsinzina ndikuona madzi. Ndiye tinene kuti makala ako aja ndi amene ali ndi mawu. Usandichedwetse, poti wosema miyala akudikira ine."

"Wosema miyala?"

"Eya. Ndinapitako Lachiwiri. Mwala woyera, wosanyada, tiuimike apa. Dzina lake, chaka chobadwa ndi chomwalira, pansi pake n'kulemba kuti 'Wabwera kwawo.' Abambo mfumu avomera kudzadalitsa. Anayamba akanakana, akuti kasupe si manda, ine n'kuwauza kuti mpongozi wanga ndi dokotala, abwera ndi umboni. Ndakunyadira pamaso pa wansembe, iwe. Usazolowere."

Tinkara anayang'ana pamene mwalawo ukanaima. Bodza lake analikonza loti linenedwe pa benchi n'kupita ndi mphepo. Sanalikonze loti lisemedwe, lidalitsidwe, ana a sukulu adzaliwerenge iye atafa, dzina la Lenart lili pamwamba pake. Mawu aja anali okonzeka pa lilime. Anatuluka ena.

"Musasemetse mwalawo, amayi."

A Justa sanatembenuke.

"Watulukira kuti?"

"Ku Italy. M'mudzi mwa Fulvio."

"Wonse?"

"Wonse."

"Ngakhale pang'ono kuno?"

"Mwina pa chigumula. Mauna onse akadzaza, madzi ena akhoza kusefukira mbali ino."

"Zimenezo akunena ndi makala kapena iwe?"

"Ine."

"Mhm." Anayatsa fodya wina, machesi n'kuthyoka, n'kutenga ena. "Ali moyo ankabwera pa Khirisimasi. Tsopano ndizidikira chigumula."

"Ndikhoza kukutengani mawa. Si kutali, tikangodutsa pa phiri..."

"Ndikamulire m'Chitaliyana? Ndikapemphe malo a kandulo kwa anthu oti sindingawafunse ngakhale kumene kuli chimbudzi?" Mawu awo anakwera. "Anakutuma ndani, iwe? Ndinali ndi malo. Ndikadzuka m'mawa miyendo inkadziwa kopita. Anthu inu simungasiye chinthu chimodzi chokha chisadziwike?"

"Lenart ndi amene ankafuna kuti tiyeze."

"Lenart anafa. Akufa safuna kanthu. Unkafuna ndiwe."

Tinkara sanakane.

A Justa anatulutsa jumbo m'thumba la jasi, n'kugwada movutikira. Anazimitsa makandulo ndi zala, mmodzimmodzi, n'kumawaika m'jumbomo. Tinkara atawerama kuti athandize, anamukankha dzanja. Atamaliza anamanga jumboyo n'kumuikira pamiyendo.

"Tenga. Iwe ukudziwa kumene ali."

Sanadzuke msanga. Anakhalabe chogwada pamphepete, akuyang'ana madzi akutumphuka pansi pa mwala. Kenaka anapinda mkono wa jasi.

"Chichitikireni zija sindinamwepo apa," anatero, osati kwa Tinkara kwenikweni. "Ndinkatunga kwa aneba. Ndinkati munthu sangamwe mwana wake."

Anatunga ndi chikhatho, n'kumwa. Anatunganso. Madzi ena anatsika m'chibwano n'kulowa m'khosi la jasi.

"Ozizira," anatero. "Madzi basi."

Anagwira benchi n'kuimirira okha, n'kutenga fulasiki yawo. Tinkara anawaona akuzungulira tchalitchi pang'onopang'ono, osacheuka. Jumbo inali idakali yofunda pamiyendo pake, ndipo anakhala nayo pomwepo mpaka inazizira.