Madzi a Lachinayi

Tereza anali atadikira mphindi makumi awiri, koma tsamba la pa kompyuta linkangozungulira. Panja pa ofesi ya kalabu ya alimi a mpunga ku Limphasa anthu anali atatsamiritsa njinga, aliyense akufuna kudziwa tsiku lake lotsegulira madzi m'munda.

"Iwe, zimitsa uyatsenso," anatero a Jairos, apampando a kalabuyo. "Foni yanga ikamachita makani ndimatero."

"A Patson anati tisamazimitse, ada."

"Patson ali ku Mzuzu, akudya tchipisi. Zimitsa."

Patson ndi amene anakonza pulogalamu yoti alimi aziona ndandanda ya madzi pa mafoni awo. Kompyutayo inali itayaka pa sola miyezi isanu ndi iwiri osapuma, ndipo sabata iliyonse inkachedwerachedwera. Tereza anadina batani. Itayakanso, tsamba linatseguka msanga bwinobwino. Koma panalibe dzina ngakhale limodzi.

Tereza anamuimbira foni Patson.

"Mwazimitsa? Mayo ine! Pulogalamu ija imangosunga zinthu m'mutu, mlongo, siilemba paliponse. Ndimati ndidzakonza mwezi wamawa."

"Ndiye mayina ali kuti?"

"Apita. Basi."

Panja panabuka phokoso. Masiku enawo alimi anakumbutsana okha, koma Lachinayi analifuna anthu awiri: a Mizeck, nkhalamba ya kumapeto kwa ngalande, ndi a Jobe. Madzi anali ochepa mwezi umenewo. Wophonya akanadikira masiku asanu ndi anayi, ndipo mpunga wongowokedwa kumene sukanapirira.

A Jobe anali asibweni ake a Tereza, mlongo wa amayi ake. Ndi iwo amene anamupezera ntchitoyi atangomaliza Folomu 4.

"Mizeck wakalamba," anatero a Jobe akuseka. "Amaiwala ngakhale kumene waika chipewa."

"Chipewa chili pamutu panga, Jobe. Ndipo Lachinayi ndi langa."

A Jairos anatembenuka. "Tereza, iwe ndi amene unkalowetsa mayina. Unaona chiyani?"

Tereza anayang'ana zala za kumapazi. Ankakumbukira bwino, chifukwa dzina la a Mizeck analilakwitsa kawiri polemba. Ankalakalaka akanaiwala ngati kompyuta ija. Akananena kuti sakudziwa, palibe akanamutsutsa.

"Lankhula, mwana wa mlongo wanga," anatero a Jobe mofewa. "Usaope munthu."

"Ndi la a Mizeck."

"Wati chiyani? Kweza mawu," anatero a Jairos.

"Ndi la a Mizeck, ada. Tsiku la asibweni ndi la sabata yamawa."

A Jobe anatembenukira kwa Tereza. Anamuyang'ana kanthawi, n'kukankha njinga yawo.

Tsiku lotsatira a Jobe anadutsa pakhomo pa amayi ake a Tereza osaima, osapereka moni. Amayiwo anasiya kusenda chinangwa n'kuwayang'ana mpaka anakhota.

"Kodi asibweni ako atani?"

Tereza anakhala pansi pambali pawo, n'kutenga mpeni wina.

"Amama, ndikuuzeni zimene ndinachita dzulo."