Chofunda Chomwe Nazigamba Anakana Kumaliza

Mumsewu wonse uja munalibe nyumba yopanda kanthu kosokedwa ndi Nazigamba. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Ntchito yake inali yosoka zofunda za zigamba. Ankatola tizidutswa ta nsalu totsala kwa atelala, n'kutidula bwinobwino, kutilumikiza, kuika thonje pakati, kenako n'kusoka mizere ndi manja mpaka chinthucho kulemera ngati mwana wa ng'ombe. Yendani mizinda yonse imene mukuidziwa, gonani m'mahotela aja a zitseko zotseguka zokha, chofunda chotere simukachipeza. Koma mwini wakeyo ndi mwamuna wake ankafunda bulangete la m'sitolo, lotuwa, loti ukakoka kuti ufunde mutu, mapazi amatsala panja.

Wochititsa anali mwamunayo. Bamboyu ankayendetsa galimoto zikuluzikulu za katundu, ndipo atapuma pa ntchito anabwera kunyumba ndi mimba, nkhani za m'malire a mayiko, ndi mtima wopatsa wosaneneka. Vuto lake, ankapatsa zinthu za eni. Mlendo akangoti, "Koma pilo uyu!" iwo anali atamunyamula kale.

"Tengani, tengani! Mayi asoka wina. Manja awo ndi makina."

N'chifukwa chake anthu ankawatcha a Tengani, ndipo iwo ankavomera dzinalo monyadira ngati ndi udindo.

Nyengo ya Khirisimasi ndiye zinkanyanya. Nyumba inkasanduka fakitale. Pa tebulo lodyera pankakhala makina osokera, ndipo anthu ankadyera m'manja ali chiimire. Pa mipando pankadzaza nyenyezi zansalu, angelo, zidole za maso a mabatani, tizikwama, ndi zogwirira mapoto otentha. Ulusi unkapezeka ngakhale m'shuga. Zina zinali za makasitomala, zina za pakhomo, koma pofika chaka chatsopano zonse zinkakhala zitayenda, Nazigamba n'kutsala ndi msana wowawa ndi zinyenyeswa pansi.

Chaka chimenechi anati zakwana. Pansi pa bedi anali ndi sutikesi imene kwa zaka zambiri ankaponyamo kachidutswa kokongola koposa pa ntchito iliyonse: ka silika wobiriwira, ka veleveti wofiirira, ka nsalu ya ukwati wa eni. Anaitsegula, n'kusoka chofunda chachikulu, thonje lake kuliika mophatikiza. Chitayalidwa pa bedi chinkaoneka ngati munda wa maluwa mvula itangokata.

"Ichi n'changa," anadziuza chamumtima. Kuuza munthu wina sakanatha. Mawu amenewo pakamwa pake anali asanatulukepo chikwatiwire.

Koma nzeru anali nazo. Panyumbapo panali lamulo limodzi limene ngakhale a Tengani ankaliopa: chinthu chosatha sichituluka pakhomo, chifukwa chimachititsa manyazi wosoka. Choncho Nazigamba anasoka mpendero kuzungulira chofundacho, mbali imodzi n'kuisiya dala, thonje likusuzumira, mapini ali ndandanda. Ankati alendo akapita, adzamaliza ali phee.

Mlendo amene ankamuopa kwenikweni anali mlamu wake, mlongo wamkulu wa a Tengani. Mayiwa ankabwera Khirisimasi iliyonse ndi chikwama chachikulu chopepuka, pobwerera n'kumachita kuwanyamulira anthu awiri. Ulendo uno, asanamwe n'komwe madzi, anali atalowa kale kuchipinda, ati kukaona ngati denga linasiya kudontha. Anatuluka maso akuwala.

"Alamu anga, chili pa bedi chija n'chiyani? Ndangoti ndigwire pang'ono, dzanja lakana kuchoka."

"N'chosatha chija, alamu."

"Ee, ndaona mapini. Koma mawondo angawa, inu! Kukangozizira pang'ono ndimachita kubuula ngati ng'ombe. Adokotala akuti ndizifunda cholemera."

A Tengani anali atatsegula kale pakamwa. Nazigamba anawaponyera diso, n'kunena mokweza kuti nyumba yonse imve.

"N'chosatha, ndipo sichitha msanga. Zala zanga zatupa, singano ikundikana."

Linali bodza, zalazo zinali bwinobwino. Koma pakhomo panali pataima mwana wake wamkazi, amene anali atangotsika basi. Mtsikanayu ankagwira ntchito kuchipatala, ndipo onse, ngakhale makolo ake, ankangomuitana kuti Namwino. Anaponya chikwama pansi n'kuthamangira manja a mayi ake.

"Amayi, zala zatani? Tandionetsani."

"Palibe kanthu, mwanawe, ndi ukalamba chabe."

"Mumagwira ntchito mopitirira inu. Singano musaigwirenso, mwamva?"

Nazigamba anavomera msangamsanga, mumtima akudziyamikira kuti bodza lake lapeza mboni ya kuchipatala.

M'mawa wa Khirisimasi analawirira kutchalitchi ndi thumba la mapiko, poti ndiye anasokera ana ochita sewero la angelo. Anapita yekha. A Tengani anati msana, alamu anati mawondo, Namwino anati atsala aziyang'anira uvuni. Mapemphero anatalika, ndipo atatha Nazigamba anachedwanso kuthamangitsa angelo amene ankafuna kupita kwawo ndi mapiko ake.

Atafika kunyumba anapeza chitseko cha pabalaza chotseka, mkati anthu akunong'onezana.

"Tsinzinani, amayi!" anafuula Namwino.

"Iwe, ndatopa ine, ndili ndi nkhuku yoti ndione."

"Tsinzinani basi!"

Anatsinzina. A Tengani analiza lipenga ndi pakamwa, chitseko chinatseguka. Atatsegula maso anaona chofunda chake chili m'mwamba, bambo agwira ngodya iyi, mwana agwira iyo, onse mano ali panja. Pini panalibe ndi imodzi yomwe. Mpendero unali utazungulira mbali zonse.

"Khirisimasi yabwino, amayi! Ndamaliza ndine, kuti zala zanu zipume."

"Mwana wanga ameneyu!" anatero a Tengani akudziguguda pachifuwa. "Amasoka anthu amoyo, ndiye nsalu ingamuvute? Ine ndayenda, ndaona akatswiri, koma mwana uyu ayi ndithu!"

Alamu anali atakhala pa sofa, chikwama chawo chili pamapazi. Anafunsa ndi mawu ofewa ngati thonje.

"Ndiye kuti chatha tsopano eti, achimwene?"

"Chatha! Ndipo ine ndanena kale. Tengani, achemwali, mawondowo asatichititse manyazi."

Nazigamba anaika thumba la mapiko pansi pang'onopang'ono.

"Tabweretsani kuno ndione."

Njira inali itatsala imodzi. Wosoka akapeza msoko wokhota, amatenga lezala n'kumasula, ndipo palibe angamuletse. Akangomasula, chofunda chibwerera kukhala chosatha. Lezala inali pomwepo, pambali pa makina. Anavala magalasi, n'kupita ndi mpenderowo pa kuwala, akuyendetsa chala kufunafuna cholakwa.

Cholakwacho sichinapezeke. Msoko unali waung'onowaung'ono, wofanana, ulusi wobisika ngati mulibe. Ngodya Namwino anaipinda mmene mayi ake anamuphunzitsira ali kamtsikana, masiku amene ankaoneka ngati sakumva chifukwa maso anali panja kwa anzake. Nazigamba anapsa mtima. Mwana ameneyu analekeranji kutengera bambo ake, amene batani lokha amalisokera kumbuyo? Anatembenuza nsalu, anakoka, anayang'ananso. Ayi ndithu.

Namwino anali ataima pafupi, akupotokola zala ngati mwana wa sukulu.

"Zili bwanji, amayi? Nenani zoona, musandinyengerere."

Nazigamba anayang'ana lezala, n'kuyang'ana nkhope ya mwana wake. Anapumira m'mwamba.

"Msoko uwu ukuposa wanga."

Namwino anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. A Tengani anaomba m'manja. Alamu anatsegula zipi ya chikwama, phokoso lake linamveka nyumba yonse.

"Koma chofundachi ndi changa," anatero Nazigamba.

A Tengani anaphulika kuseka.

"Ee, n'chanu, munasoka ndinu, akukana ndani? Mayi awa ndi anthabwala! Achemwali, gwirani uko tipinde."

Nazigamba anakoka chofundacho mwamphamvu mpaka a Tengani kudzandira, anachikoleka paphewa, n'kulunjika kuchipinda, china chikukwekwereka pansi. Anagona pa bedi ndi diresi la kutchalitchi, nsapato zili kumapazi, n'kufunda mpaka m'khosi. Dzuwa linali pamutu, malata akuchita kulira ndi kutentha.

Posakhalitsa a Tengani anasuzumira pakhomo.

"Mayi, mwadwala?"

"Ndili bwino kwambiri."

"Nanga mukutani?"

"Ndikufunda."

"Masana ano? Kutentha konseku?"

"Ndazizidwa zaka zambiri, abambo. Ndikubweza."

A Tengani analowa, n'kutseka chitseko, mawu n'kuwatsitsa.

"Inu, ndalonjeza kale, pamaso pa mwana. Mukufuna achemwali akandinene chiyani kwa abale?"

"Wofuna chofundachi anyamule ndi ine ndemwe. Chikwama chawo n'chachikulu, ndikwanamo. Muzikanditumizira makina konko."

"Musatero, mayi. Musoka china, si inu manja anu ndi..."

"Mukamaliza mawu amenewo, sindidzuka mpaka chaka chatsopano."

A Tengani anameza mawuwo. Anakanda mutu, anayang'ana kudenga.

"Nanga nkhuku ili mu uvuni ija?"

"Uvuni uli ndi chitseko. Chimatseguka ngati cha galimoto."

Umu ndi mmene chakudya cha Khirisimasi chinaphikidwira chaka chimenecho: bambo ndi mwana kukhitchini, mwini khitchini ali chigonere, akulamula ndi pakamwa. "Osati poto ameneyo, winayo! Mchere wakwana, ndamva mwathira kale! Chikupserera n'chiyani?" Thukuta linkatsika mpaka kulowa m'makutu. Diresi linamatirira kumsana, mapazi ankapsa m'nsapato. Anadzitukwana chifukwa chophatikiza thonje. Munthu wanzeru akanasoka chopepuka. Koma sanatulutse ngakhale chala.

Namwino analowa ndi kapu ya madzi, n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Amayi, zala zija sizinatupe, eti?"

"Sizinatupe."

"Ndiye bwanji osangondiuza? Ine ndadzibaya m'mawa wonse!"

"Ndikanakuuzira pati, bambo ako ali pomwepo ndi makutu awo aja?"

Namwino anaseka mpaka madzi kutayikira pansi. Anatsegula zenera, anapukuta mayi ake pamphumi.

"Musadzuke. Chakudya ndikubweretserani konkuno. Koma mukakomoka, chofundachi ndikulandani ine, osati azakhali."

Atatha kudya, alamu anabwera okha. Anakhala kumiyendo kwa bedi, dzanja lawo likusisita ngodya ya chofunda. Nazigamba anamva nsalu ikutsetsereka pang'onopang'ono, ndipo anaipana ndi nsapato zonse ziwiri.

"Alamu, zaka zonsezi ine ndimayesa mumapereka ndi mtima wonse."

"Amapereka ndi achimwene anu. Ine ndimangosoka."

"Ndiye mukuti ndine wopemphapempha?"

"Ayi, alamu, simunapemphepo n'kamodzi komwe. Mumangoyamikira, chinthu n'kulowa chokha m'chikwama."

"Ha! Koma lero ndamva. Munthu wodwala mawondo ngati ine..."

"Namwino ali pabalazapo, akakuoneni. Ine mankhwala sindisoka."

Alamu anaimirira mwachangu choti wodwala mawondo sangathe. Anati iwo sangagone m'nyumba imene anthu amawaona ngati wakuba, akwera basi ya madzulo omwewo. Anamenyetsa chitseko. Nazigamba chibadwire anali asanakhumudwitsepo mlendo. Pang'ono adzuke kukapepesa. Koma anadziwa kuti akangoimirira, kupepesako kuthera m'chikwama. Anakoka chofunda mpaka pamphuno.

Pabalaza panamveka kukambirana kotalika, mawu a Tengani akunyengerera, mpando ukukokedwa, zipi ikulira. Kenako geti inatseguka, mawu n'kumazilala kulowera kokwerera basi.

Apo m'pamene Nazigamba anadzuka, ali chinyowere ngati wagwa m'chitsime. Anayala chofunda chake pa bedi, anachiwongola ngodya zonse, n'kuima kuchiyang'ana. Chinali chikadali pomwepo, chathunthu, m'nyumba mwake. Anavula nsapato, natuluka akudzimva kupepuka.

Pabalaza panali powala modabwitsa. Anaphethira. Mawindo onse anali pambalambanda. Makatani ake a zigamba, amene anawasoka mwezi wathunthu, panalibe. Kunja, mayi woyandikana nawo nyumba anamuona bwinobwino n'kumubayibitsa.

A Tengani analowa akupukuta thukuta, maso akuthawa.

"Mlendo sangapite chimanjamanja, mayi. Ndipo anali akale aja. Onani mmene mukulowera mphepo tsopano!"

Nazigamba anawayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana Namwino, amene anali atabisa nkhope kuseri kwa mbale, mapewa akugwedezeka. Kenako anatembenuka, anakakhoma chitseko cha kuchipinda, kiyi n'kumuika pachifuwa mkati mwa diresi.

"Nanga ine ndikafuna kulowa?" anafunsa a Tengani.

"Mugogoda."