Shuga Ali Pamwamba pa Kabati

Mayi anali atakwera pampando, akuchotsa katani yachitatu, pamene foni inalira m'thumba la epuloni. Makatani awiri a pabalaza anali kale m'beseni kubafa, atanyikidwa m'madzi a sopo. Woimbayo anali mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo.

"Amayi, musakalipe. Makolo a mnzanga uja akubwera lero."

"Iwe unati sabata yamawa."

"Ali m'tauni muno, anabwera kwa dokotala wa maso. Akuti angodutsa kudzapereka moni, fo koloko. Ndipo amayi..." Mtsikanayo anatsitsa mawu. "Adadi. Chonde."

Panalibe chifukwa chomalizira. Mayi anatsika pampando, katani ili lende mbali imodzi.

Amuna awo anali munthu wabwinobwino mpaka zaka zinayi zapitazo. Atapuma pantchito yoyeza malo, mnzawo wina anawatengera ku kashopu ka khofi kuseri kwa famase, kumene munthu wandevu ankathira madzi pang'onopang'ono ngati akudyetsa wodwala. Anabwerako atatembenuka mtima. Lero theka la khitchini linali lawo: sikelo yaing'ono, chopukusira cha pamanja, mapepala osefera, ndi ketulo ya khosi lalitali ngati la kakowa. Mashopu onse a khofi m'tauni ankawadziwa, ndi tsiku limene aliyense amakazinga njere zake. Mwana anawapatsa dzina loti a Sikelo, iwo n'kulilandira ngati mendulo. Shuga anamuthamangitsira pamwamba pa kabati. Mlamu wawo, atamvetsera ulaliki wa khofi kwa ola lathunthu, anayamba kumangopereka moni pafoni.

M'mawa uliwonse a Sikelo ankawapangira mayi kapu imodzi, n'kuima pambali.

"Mukumva chiyani?"

"Zipatso," mayi ankatero, chifukwa yankho limenelo ndi limene linkathetsa nkhani msanga. Chimene ankamva chinali kuwawasa.

Mayi anawapeza amuna awo m'khitchini akununkhiza kathumba ka khofi.

"Bambo a mwana, asewere akubwera fo koloko. Lero ndi tiyi."

"Tiyi? Asewere kubwera koyamba, n'kuwapatsa madzi a masamba?" Anakweza kathumbako. "Uyu anakazingidwa masiku asanu ndi anayi apitawo. Lero ndiye tsiku lake. Mawa ayamba kukalamba."

"Tonse tikukalamba."

"Mwana wathu ndi mmodzi. Ndiwapatse chabwino chimene ndili nacho."

Mayi anakumbukira kuti pansi panali posakolopa. "Chabwino. Koma musalalikire. Palibe zotchula mapiri, palibe zotchula mlimi. Muthire, mupereke, mukhale pansi."

"Pakamwa ndatseka," anatero a Sikelo.

Alendo anafika nthawi isanakwane. Bambo a mnyamata anali atavala magalasi akuda chifukwa cha mankhwala a m'maso, ndipo dzuwa lolowera pazenera lopanda katani linawapeza pomwepo, mpaka anasamutsidwa kawiri. Mayi a mnyamata, amene anapuma pa uhedi wa sukulu, anakhala chowongoka, chikwama chili pamaondo. Anayang'ana zenera, anayang'ana katani yolendewera. Mnyamata ndi mtsikana anakhala motalikirana ngati sadziwana.

Moni atatha, a Sikelo analowa ndi thireyi. Mayi ankaganiza kuti apangira kukhitchini. Ayi, anabweretsa zonse. Anayeza njere pasikelo, n'kuchotsapo imodzi. Anapukusa, khoro khoro khoro, anthu onse akuonerera. Lonjezo analisunga, sanalankhule, koma kukhala chete kwawoko kunali kolemera kuposa ulaliki.

"Ndiye mwakhala nthawi yaitali m'nyumba mu..." anayamba a hedi.

A Sikelo anakweza chala, maso ali pa wotchi ya pafoni. Madzi oyamba anali atathiridwa ndipo masekondi ankawerengedwa. A hedi anatseka pakamwa. Zinaoneka kuti papita zaka zambiri munthu asanawakwezere chala. Mtsikana anayang'ana pansi.

Makapu anaperekedwa, aliyense theka. Mnyamata anamwa msanga.

"Ndikumva zipatso," anatero, mawu ake ngati a mwana amene waloweza ndakatulo.

A hedi anapsontha pang'ono. Milomo yawo inakwinyika yokha, n'kuiwongola.

"Pepani, kashuga kangapezeke?"

"Aa, uyu safuna shuga, mayi," anatero a Sikelo mokoma mtima kwambiri. "Shuga ndi wobisira khofi woipa. Lilime limangofunika kuphunzitsidwa. Poyamba aliyense amavutika."

"Kuphunzitsidwa," anabwereza a hedi.

Anaika kapu patebulo bwinobwino, n'kuikankhira patsogolo pang'ono. Dzanja linabwerera pa chikwama, n'kugwira lamba wake. Anayang'ana amuna awo mwa mayang'anidwe amene mkazi aliyense wapabanja amawadziwa: tiyeni tizipita. Mayi anaona mmene nkhaniyi idzafotokozedwere m'galimoto, ndi kwa azakhali, ndi patsiku la ukwati, ngati tsikulo lidzafike. Mwana wawo anali atawayang'ana ndi maso aja ankawayang'ana nawo ali wamng'ono, pamzere wa jakisoni.

Mayi anadzuka. Anakoka mpando mpaka kukhitchini, miyendo yake ikukwekwesa pansi, n'kukwera. Chitini cha shuga chinali kuseri kwa mapoto a alendo ambiri, chili fumbi lokhalokha. Shuga anali atauma gwa. Anamuswa ndi chogwirira cha supuni, natenganso mkaka m'firiji.

Kungomupereka kwa mlendo sikukanathandiza. A hedi akanati zikomo, ndasintha maganizo. Choncho mayi anakhala pansi, nakoka kapu yawo. Supuni yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu. Anathira mkaka mpaka kapu inadzaza, natakasa mosabisa, supuni ikulira ngwe ngwe ngwe. Anamwa theka osapumira.

"Eya," anatero. "Asewere, musavutike. Ine lilime langa lakhala m'kalasi zaka zinayi, likungobwereza. Chinthuchi chopanda shuga ndi mankhwala a malungo."

Kenako a hedi anaseka, kuseka kwa m'mphuno koyamba, kenako kwenikweni.

"Wobwereza zaka zinayi ife tinkangomukankhira kutsogolo," anatero, akutambasula dzanja. "Patseni kuno."

Anathira masupuni awiri. Amuna awo anathira anayi, imodzi n'kutayikira pambali chifukwa cha magalasi. Chikwama chinatsika pamaondo n'kukhala pansi. Zinadziwika kuti bambo a mnyamata nawonso ali ndi matenda awo, a nsomba za m'galasi, ndipo bafa la alendo kwawo linasanduka chipatala cha nsomba. Azimayi awiriwo anapeza nkhani. Kungodutsa kuja kunakhala maola awiri, ndipo potsanzika a hedi anagwira mtsikana paphewa, n'kunena kuti sabata yamawa ikhalebe momwe anapanganira, koma kwawo.

A Sikelo anaseka pamene ena ankaseka. Kapu yawo anaimwa yonse, yozizira. Anaperekeza alendo mpaka pageti.

Mtsikana anapsompsona mayi ake patsaya n'kuthamangira galimoto. Mayi anasonkhanitsa makapu. Kukhitchini anapeza amuna awo akutsuka chopukusira ndi kaburashi, atafulatira.

"Zaka zinayi," anatero osatembenuka.

"Ee."

"Nanga zipatso zija?"

"Ndinkafuna kukafika kuntchito nthawi yabwino."

"Mukanandiuza."

"Munkafunsa mutagwira kale ketulo, bambo a mwana. Munthu angayankhe chiyani?"

Kaburashi kanapitiriza ntchito yake. A Sikelo anatsegula kabuku kamene ankalembamo za kapu iliyonse, ndi zimene mayi amva m'mawa uliwonse, anakayang'ana kanthawi, n'kukaika m'dirowa.

"Mawa ndikupangireni?"

"Pangani. Koma chitinicho chikhale patebulo. Ine zokwera mipando ndatopa nazo."

A Sikelo sanavomere, sanakane. Dzuwa linali litalowa. Mayi anapita kubafa. Madzi a m'beseni anali atazizira, thovu litatha, atasanduka abulawuni. Anapinda manja a bulauzi, nagwada, natulutsa katani yoyamba. Inali yolemera kuposa mmene anaisiyira. Anaifinya mbali imodzi, kwinako kukumwanso madzi.