Zikopa Zatha, Buku Silinathe

Ndinalota azibambo ovala mikanjo akupala zikopa za ana a mbuzi, n'kumalembapo ndi nthenga. Fungo lake ngati la kophera nyama. Mmodzi anati, "Zikopa zatha, buku silinathe." Onse anayang'ana msana wa mwana wanga Takondwa. Amuna anga n'kumugwira kuti asathawe, eti akumwetulira: "Amake Tako, musavute, dzina lathu lidzakhalitsa."

Ndinadzuka nditapsa mtima. Mwina n'chifukwa Takondwa anandiuza zomwe anaphunzira kusukulu, zoti mabuku akale ankalembedwa pazikopa, kaya. Amuna anga akuti ndapenga. Ndipenge! Chikopa cha mbuzi chimene anayanika padenga ndachitaya m'chimbudzi, ndipo ana anga tsopano akugona kukhoma, ine kukhomo.