Dzanja Lamanzere la Lukia

Lukia analemba kalatayo ndi dzanja lamanzere. Inamutengera m'mawa wonse wa Lachitatu, sitolo ili yotseka, ofuna mchere ndi palafini akugogoda n'kubwerera. Zilembo zinatuluka zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku pamatope, ndipo iye anakondwa nazo, pakuti panalibe munthu pa Nsipe amene akanazindikira kuti zachokera kwa mkazi wa malemu Saiti. Koma chifukwa chachikulu chinali china. Dzanja lamanja ankalisunga. Lachisanu linali ndi ntchito yake m'mbale ya a Shehe, ndipo sanafune kuti likafike kumeneko litakhudza bodza.

Inde, linali bodza, tisabise. Kalatayo inkauza akuluakulu a Chipani ku boma kuti Abbas, wogulitsa nsalu pafupi ndi siteji ya basi, amalandira makalata a zigawenga ochokera kutsidya kwa malire n'kumawabisa m'mipukutu ya nsalu. M'chaka cha 1976 mawu ochepa otero ankakwana. Panalibe wofunsa umboni. Ankangofunsa kuti munthuyo amakhala nyumba iti.

Lukia ankadziwa kuti amakwana chifukwa zaka zitatu m'mbuyomo mawu onga omwewo anamulanda mwamuna. Saiti ndi Abbas anali abale m'njira ya Chisilamu ya Kadiriya. Anagwira dzanja la Shehe Ali tsiku limodzi, namwera chikho chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo Abbas ankatcha Lukia mlamu wake. Kenaka a Shehe, amene ankakhala ku Balaka n'kumabwera kamodzi pachaka, anasankha Saiti kukhala halifa wawo pa Nsipe, wotsogolera sikiri, nyimbo zotamanda Mulungu, ndi kusunga mbendera ya gululo iwo kulibe. Abbas anaseka, anayamikira, anakumbatira Saiti pakhomo la mzikiti anthu akuona. Patangotha miyezi iwiri anapita kwa tcheyamani wa Chipani kukanena kuti Saiti akamapita ku Biriwiri, kumalire, sakagula kachewere yekha. Mkazi wa tcheyamaniyo, mayi Dailes, ndi amene ananong'oneza Lukia zimenezi kuchigayo, iwo atamva okha ali kuseri kwa chitseko. Galimoto inabwera n'kumutenga Saiti. Chaka chotsatira kunabwera kapepala koti anadwala ndipo wamwalira. Mbendera inapita kwa Abbas.

Kuyambira pamenepo Lukia ankalakalaka zinthu ziwiri. Choyamba chinali kuona Abbas akukwezedwa m'galimoto ija. M'mawa uliwonse bamboyo ankafuula kuchokera kutsidya kwa msewu, "Mwadzuka bwanji alamu?" ndipo Lukia ankayankha mwaulemu, mtima ukumuwira. Chachiwiri chinali baiya, pangano limene munthu amapanga ndi shehe wake. Saiti ankakonda kunena kuti pa tsiku la Kiyama, la chiweruzo, onse amene anachita baiya adzaima pamzere kumbuyo kwa shehe wawo, sheheyo kumbuyo kwa wake, mpaka kukafika kwa Mtumiki, mtendere ukhale pa iye. Ankamuuza kuti, "Chitani nanu, mayi, tidzaime limodzi." Lukia ankayankha kuti chaka chamawa, ndipo zaka zamawa zinatha mwamuna kulibe. Tsopano mzere umenewo ndi malo okhawo amene akanamupezanso.

Ziwirizi sizinkalowa m'dengu limodzi. Wochita baiya amalonjeza kuti sadzanamizira munthu, ndipo Abbas analibe mlandu wina womugwira nawo kupatula umene Chipani chinamuthokoza nawo. Lukia anasinkhasinkha zaka ziwiri, kufikira tsiku lina anamva mayi wina akunena kuti baiya imayamba ndi toba, kulapa, ndipo munthu amatulukamo ngati khanda lobadwa lero. Apo nzeru inamufikira. Vuto silinali tchimo, koma ndondomeko yake. Kalata ipite Lachinayi, dzanja lilowe m'mbale Lachisanu, zonse zikhala zakale. Anadziyesa wochenjera kwambiri, ndipo musamuseke msanga, ambiri a ife tinayesapo kumuikira Mulungu kalendala.

Lachinayi anakwera basi kupita ku Ntcheu. Ku positi anamata sitampu ndi lamanzere, naponya kalata m'bokosi ndi lamanzere lomwelo. Pobwerera anagula kabichi kwa amayi a m'mbali mwa msewu, ndipo anatsutsana nawo mtengo mwansangala kuposa masiku onse.

Lachisanu, swala ya Ijumaa, pemphero lalikulu la tsikulo, itatha, amayi asanu ndi awiri anatsala kumbali yawo ya mzikiti, kuseri kwa nsalu yotchinga. Shehe Ali anali nkhalamba yaing'ono, diso limodzi lotuwa, mawu otsika moti munthu ankachita kutchera khutu. Amuna amagwira dzanja la shehe, koma amayi sagwira. M'malo mwake a Shehe anaviika dzanja lawo lamanja m'mbale ya madzi, ndipo akazi awo, mayi Zena, anainyamula kuti aliyense adzaviike lake m'madzi omwewo. Asanatero, a Shehe anafotokoza kuchokera kuseri kwa nsalu.

"Amayi anga, uku si kusamba m'manja. Awa ndi malonda. Mukudzigulitsa kwa Allah, ine ndangokhala mboni, ndipo dzanja lake lili pamwamba pa manja athu. Mulonjeza kuti simudzamufanizira ndi china chilichonse, simudzaba, simudzachita chigololo, simudzapha ana anu, simudzanamizira munthu, simudzakana chabwino chimene mwalangizidwa. Tiyamba ndi toba. Zimene munalakwira Allah, akhululuka pomwe pano. Koma zimene munalakwira munthu, Allah sakhululuka m'malo mwa mwini wake. Zimenezo mupite kwa munthuyo, mukakonze, ndiye mudzabwere kumbale."

Mbale inayenda, amayi akuviika, akunena mawu motsatira a Shehe, wina akulira ndi chimwemwe. Itafika pa iye, dzanja lake lamanja lija, loyera bwino, linangokhala pantchafu.

"Ndili ndi funso kwa a Shehe," ananong'ona.

Mayi Zena anamuyang'ana, kenaka anapitiriza ndi mbale. Ena onse atatuluka, anaika mbaleyo pansi m'mbali mwa nsalu n'kukakhala pakhomo, pomwe akanaona koma osamva.

"Funsani, mayi," anatero a Shehe.

"Pali mayi wina, a Shehe. Analemba kalata yonamizira munthu. Koma analemba dzana, asanalonjeze chilichonse."

"Kalatayo yawerengedwa?"

"Ili m'njira."

"Ndiye si tchimo la dzana limenelo, mayi. Ndi la mawa. Munthu salapa njoka imene waitumiza idakali kukwawa kupita kunyumba ya mnzake."

"Koma analemba ndi lamanzere. Lamanja silinakhudze n'komwe, ngakhale sitampu."

Lukia anaganiza kuti nkhalambayo imuseka, koma itayankhula mawu ake anali achisoni.

"Inu ndinu wamalonda. Munagulitsapo mbuzi mwendo wamanja wokha, ina yonse n'kutsala m'khola mwanu?"

Misozi inamutuluka Lukia, ya ukali osati ya manyazi. Za mayi wina uja anaziiwala. "Anandiphera mwamuna! Anagwira dzanja lanu tsiku limodzi ndi Saiti, n'kukamugulitsa chifukwa cha mbendera. Ndipo mbenderayo inu munamupatsa."

"Ndinamupatsa. Tcheyamani anafuna choncho, ndipo ine ndinaopa kuti ndikakana atitsekera mzikiti, kapena atenga wina. Umenewo ndi mlandu wanga, ndidzauyankha ndekha. Saiti ndinamusankha ine, ndipo ndimamulira." Anatsokomola. "Sindikukuuzani kuti mumukhululukire Abbas. Zimenezo n'zanu, mukhoza kumusungira mpaka pamaso pa Allah, ndipo kumeneko mudzapambana. Ndikukuuzani kuti muoloke msewu mukamuuze achoke. Malire si patali. Akachoka lero, kalata yanu ipeza nyumba yopanda munthu. Basi yanga imabwera ikatha swala ya asiri, ya dzuwa litapendeka. Mbale iyi ikudikirani mpaka nthawi imeneyo. Ine ndakalamba, mayi, sindikudziwa ngati ndidzabwerenso chaka chamawa."

Lukia anatuluka. Ndipo tinene zoona, anatuluka ndi mtima wokamuuza. Anayenda m'mbali mwa msewu akukonza mawu, asanu okha: tengani banja, pitani kutsidya, lero. Ankadana ndi phazi lililonse limene ankaponda, koma ankaona Saiti ataima pamzere uja akucheuka kumufunafuna, ndipo anapitiriza.

Anapeza Abbas ali yekha m'sitolo, kofia yoyera kumutu, akudula nsalu ya maluwa. Ananenepa zaka zitatuzi, khosi linali litatha. Atamuona Lukia anaika lumo pansi n'kutambasula manja.

"Alamu! Alhamdulillah! Ndamva kuti lero munali kumbale. Lowani, lowani, mukhale pampando."

"Ndabwera kudzakuuzani mawu, alamu."

"Ndikuwadziwa kale mawuwo, musavutike nawo. A Shehe aja amatero chaka chilichonse, pitani mukakonze ndi amene muli nawo chifukwa. Ine ndaona mmene mumandiyang'anira zaka zonsezi, ndipo ndakukhululukirani. Ndi mtima wonse."

Lukia anayang'ana pansi. Abbas anayesa kuti ndi manyazi, ndipo anatsitsa mawu ngati munthu wopereka mphatso.

"Tamverani, tili awiri. Tsopano ndinu wa m'njira, simungandichite choipa, mwalonjeza. Ndiye tiyankhule ngati abale. Zija za malemu, nthawi inali yovuta, munthu amatha kuyankhula mawu osadziwa komwe akagwere. Ine sindinaganize kuti zifika pamene zinafika. Koma chaka chotsatira a Shehe atabwera ndinagwiranso dzanja lawo kachiwiri, ndinachitanso toba, ndinamweranso chikho. Zonse zinatsukika. Mwaona ubwino wa baiya? Inu mwayera lero, ine ndinayera kale. Pa tsiku lalikulu tidzaima pamodzi tonse atatu, ine, inu ndi achimwene anga a Saiti, ndipo tidzaseka."

Apo Lukia anaona nzeru yake ija, imene anainyadira ku positi, itavala kofia yoyera ili kuseri kwa kauntala. Munthu uyu anayenda njira yomweyo iye asanaiganize, ndipo zaka zitatu wakhala akudya, akunenepa, akutsogolera sikiri. Kwa mkazi wamasiye sanabwerepo ngakhale tsiku limodzi kudzagwada. Lero ndiye amene akukhululuka. Lukia anamva chidani chimene sanachimvepo, chozizira, chosathamanga. Mawu asanu aja anali pa lilime, ndipo anawameza amodziamodzi.

"Nanga mawu anu aja, alamu?" anafunsa Abbas, akumwetulira.

"Mwanena kale onse. Tsalani bwino."

"Mutengeko kansalu ka mpango, ka chikondwerero."

"Sungani, alamu. Mayi a kunyumba angadzakafune."

Sanabwerere kumzikiti. Anatsegula sitolo yake, nakhala pakhonde, nagulitsa sopo ndi machesi ngati tsiku lina lililonse. Anamva kuitana kwa asiri ndipo anaswali m'kati, pakuti swala sanaisiye. Atatuluka anaona mayi Zena ataima pakhomo la mzikiti, mbale ili m'manja, akuyang'ana kumene kunali iye. Anayang'anana nthawi yaitali. Basi italiza hutala kumtunda, mayi Zena anakathira madziwo patsinde la mtengo wa mango, napukuta mbale ndi chitenje n'kuilonga m'thumba. A Shehe anakwera osacheuka, Abbas atawanyamulira katundu.

Akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Abbas anakondwa masiku khumi ndi limodzi. Moni wake wa m'mawa unakula, ndipo tsiku lina anatumiza mkazi wake Zuleka ndi nkhuku yophika. Lukia anailandira ndi manja awiri, ndipo Zuleka atachoka anaipatsa agalu.

Galimoto inabwera Lachiwiri masana, msika uli pakati. Amuna atatu analowa m'sitolo, namasula mipukutu yonse ya nsalu mpaka inafika pamsewu. Sanapeze kanthu, ndipo zimenezo sizinasinthe kanthu. Anamutulutsa Abbas kofia itagwa, akufuula kuti afunse tcheyamani, afunse aliyense, iye ndi mwana wa Chipani. Anthu a pamsika anayang'ana tomato wawo. Zuleka anathamangira galimotoyo mpaka pa mlatho, ana awiri akumutsatira akulira, ndipo kulira kwa anawo Lukia anakumva bwinobwino. Sananamizire kuti sakumva. Anaima pakhonde mpaka fumbi litatha, ndipo anakondwa. Chinali chimwemwe chowawa, chopanda tulo m'kati mwake, koma chinali chimwemwe, ndipo akanapatsidwa Lachisanu lija kachiwiri akanachitanso chimodzimodzi.

Shehe Ali anamwalira mvula isanagwe. Uthenga unabwera ndi kondakitala wa basi, ndipo amayi amene anaviika manja tsiku lija anasonkhana kuti apite ku Balaka kumaliro. Anaima pa sitolo ya Lukia kumufunsa ngati apita nawo. Iye anati sitolo ilibe woisiyira.

Atachoka, anatseka chitseko, nakhala pa thumba la mchere pomwe Saiti ankakonda kukhala. Anayankhula mokweza, monga ankachitira mwamuna wake akakhala kuseri akukonza njinga.

"Bambo, ndamulipiritsa. Inu mukadzaima pamzere wanu tsiku lija, muyang'ane kutsogolo. Musadzandidikire."