Nthiti za Macdonald

Elina anadutsira ku Yeoville, pa Joni, Lolemba m'mawa asanapite ku Mayfair, kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba. Anapeza mlongo wake wamng'ono, Macdonald, atakhala pabedi, manja atagwira zenera. Malume awo, a Davide, anali atamutsamiritsa bondo pamsana, akukoka chitenje chimene anamukulunga nacho pachifuwa.

"Tulutsa mpweya wonse. Eya. Ndimange tsopano."

Nkhaniyi Elina anaimva pafoni Loweruka. Belo la zovala linagwa pa lole kusitolo ya ku Doornfontein n'kumupanikiza mnyamatayo pachitsulo. Anamuuza kuti ndi kuphwanya kwa m'thupi chabe. Koma tsopano anadzionera yekha. Mbali yonse ya kumanzere inali bii ngati biringanya, ndipo Macdonald ankapuma modukizadukiza.

"Amalume, mukumumanga chonchi kuti apite kuti?"

"Kuntchito. Kapena iwe ukudziwa kwina?"

"Nthitizi zathyoka."

"Nanga ine ndakana? Kumgodi tinkatero, iwe usanabadwe. Nthiti saika pulasitala, zimalumikizana zokha. Umamanga, n'kudzuka." A Davide anakokanso mfundoyo. "Malo aja ndinamupemphera ndine. Pageti pamaima anthu ngati nyerere. Akangojomba lero, mlungu uja, mzungu mwini sitoloyo, atenga wina, ndipo Mmalawi aliyense amene ndingadzapite naye adzati ndi waulesi."

Elina anakula akugwadira munthu ameneyu, mwinimbumba, amene anawalandira onse awiri pa Joni. Chamumtima anati, Ambuye, gwirani lilime langa. Kenako anatembenukira kwa mlongo wake.

"Mac, ukutha kupuma?"

"Ndili shapu, achemwali."

Anadzuka kuti awaonetse. Chifuwa chinamugwira asanawongoke. Anatsokomolera m'dzanja, nkhope itachita tsinya, ndipo msangamsanga anafumbata n'kubisa dzanjalo kumbuyo. Elina analigwira, n'kulifumbatula chala ndi chala. Munali magazi.

Pemphero lija linathera pomwepo.

"Taonani, amalume! Taonani bwinobwino! Izi ndiye zolumikizana zokhazo?"

"Iwe Elina, ukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi inuyo! Mwana wa mchemwali wanu mwamumanga ngati mtolo wa nkhuni kuti akanyamule mabelo a munthu amene sanafunse n'komwe ngati wadzuka. Amayi ndikawauze chiyani? Kuti wafa dzina la malume ake lili loyera kwa mlungu?"

"Kuchipatala akakufunsani mapepala okhalira m'dziko muno. Alipo?"

"Akafunse! Amene timawasonkhera aja, opita kumudzi m'bokosi pangolo ya basi, mapepala anawathandiza chiyani?"

Anatenga mpeni umene unali m'mbale pansi pa tebulo. Analowetsa mpeniwo pansi pa mfundo n'kudula. Chitenje chinagwera pansi. Macdonald anakoka mpweya wautali, n'kubuula, misozi ili mbwembwembwe.

Phokosolo linamveka mpaka chipinda choyandikana. Mayi Mainesi, a ku Zimbabwe koma makolo awo a ku Dedza, anasuzumira pakhomo. Anabwerera, n'kubwera ndi pilo wawo, atamuveka nsalu yochapa.

"Uzimukumbatira ukamatsokomola, mwanangu, ndiponso m'takisi. Madalaivala a kuno sadziwa bampu." Kenako anayang'ana Elina. "Nambala ya foni ya madamu ako undipatse, ndiwauze kuti uchedwa. Iwe mawu akowa sali oyankhulira ndi bwana."

Elina anawapatsa nambalayo.

A Davide anali atakhala pachigubu chamadzi, akuyang'ana chitenje chodukacho. Nthawi yolowera ntchito inali itayandikira, koma sanadzuke. Elina anadikira kuti amukalipire, amukumbutse za tsiku limene anamulandira pasiteshoni ali ndi kachikwama kamodzi. Yankho anali atalikonza kale, ndipo linali lowawa.

Macdonald anayesa kuwerama kuti avale nsapato. Anafika pakati n'kuima, mano atalumana. Elina asanasunthe, a Davide anatsika pachigubu paja n'kugwada pasimenti. Anakankhira kumbali majombo a kuntchito, n'kutulutsa nsapato zofewa pansi pa bedi. Ananyamula phazi la mnyamatayo, n'kuliveka, kenako linalo. Zala zawo zinali zolimba ndi zokhota, ndipo zingwe zinawavuta kumanga.

"Ntchito ija yapita," anatero, maso ali pansapato.

"Ipite," anayankha Elina.

Mkwiyo unali usanamuchoke. Unali pomwepo pachifuwa, ndipo ankadziwa kuti Lamulungu adzavutika nawo pogwada m'tchalitchi. Anakoleka dzanja la Macdonald paphewa pake. Masitepe a nyumbayo anali opapatiza ndi amdima, ndipo munthu mmodzi sakanatha kumutsitsa.

"Gwirani mbali inayo, amalume," anatero osawayang'ana. "Osati pamene pathyokapo. M'munsimo."

A Davide anagwira m'munsimo, ndipo anayamba kutsika pang'onopang'ono.