Kafukufuku wa Alamu

Anzake a m'kalasi ankamutcha Nzoona, chifukwa chilichonse chimene mphunzitsi wanena, mtsikanayu ankangogwedeza mutu n'kuti, "N'zoona." Anali m'chaka chachiwiri payunivesite, koma funso lokhalo limene anafunsapo linali lakuti kalasi ituluka nthawi yanji.

Tsiku lina mphunzitsi wa phunziro la kafukufuku, mayi wa magalasi okhuthala, anagawa mapepala.

"Aliyense walandira lipoti la kafukufuku amene wina anachita," anatero mayiwo. "Muliwerenge, mupeze pamene likutsimphina. Ndakupatsani sabata imodzi."

Nzoona anatsegula lake akuyasamula. Lipotilo linkati ophunzira okhala kumbuyo m'kalasi ndiwo amalephera mayeso. Anali pafupi kulitseka pamene anaona dzina la wolemba. Anali alamu ake enieni, amuna a achemwali ake, amene ankakonda kumufunsa pamaso pa alendo kuti, "Alamu, kodi kusukuluko mumaphunzira, kapena mumangokapaka zikhadabo?"

Kuyasamula kunathera pomwepo.

Masana omwewo anapita kulaibulale. Woyang'anira mabuku, amene anali asanamuonepo, anamufunsa ngati wasochera. Nzoona anangomudutsa. Anakhala pakona masiku asanu, pensulo kukamwa, akufufuza mzere uliwonse. Anapeza kuti alamuwo anangofunsa ophunzira khumi ndi anayi basi, onse a kalasi imodzi. Manambala a patsamba lachisanu sankagwirizana ndi a patsamba lachitatu. Buku limene alamu ankati likuwaikira umboni analisaka mpaka kulipeza pashelefu ya fumbi, ndipo linkanena zosiyana kotheratu.

Atapereka masamba ake khumi, mphunzitsi anawerenga, anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwerenganso.

"Walemba ndiwe zimenezi?"

"Ndine, aphunzitsi."

"Ndiye nzeru zonsezi unkazibisa kuti?"

"Wolemba lipotiyo ndi alamu anga."

Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, koma malikisi anamupatsa apamwamba kuposa aliyense.

Lamlungu Nzoona anapita kwa achemwali ake, mapepala ali m'chikwama. Alamu atangoyamba kuti, "Kodi kusukuluko," iye anatulutsa tsamba loyamba n'kuyamba kuwerenga mokweza. Pofika tsamba lachinayi, alamu anali atamasula batani la pakhosi.

"Kunali kungoyeserera kumene kuja," anatero. "Komanso nthawi inali yochepa."

"Zimenezo simunalembe mulipoti, alamu."

Kukhitchini kunamveka mbale zikugundana. Achemwali anali akuseka chamumtima.

Patatha mwezi, alamu anamuitana mwakachetechete. Anali ndi lipoti latsopano loti akapereke kuntchito, ndipo ankafuna wina alione kaye. Nzoona anakhala pathebulo ndi cholembera chofiira, ndipo anadabwa kuona kuti ntchitoyi yayamba kumukomera ngakhale popanda mkwiyo. Anazunguliza, anadula, anaika mafunso m'mbali mwa tsamba lililonse.

Achemwali anasuzumira paphewa pake, n'kugwira pakamwa.

"Usiyeko pang'ono, mng'ono wanga," ananong'ona. "Amenewa ndi bambo a ana anga."